Kamzere kofooka ka m'bini: yankho kwa achimwene amene sakugona

Sabata yatha kunabwera imelo cha m'ma 2 koloko usiku, nthawi yokhayo inandiuziratu kuti mwini wakeyo tulo sakupeza. Dzina sinditchula. Nkhani yake mwachidule ili chonchi: anagona ndi mkazi yemwe sakumudziwa bwinobwino, kondomu inaphulika ndipo anazindikira zonse zitatha. Patadutsa maola pafupifupi 40 anathamangira kuchipatala, anamuyeza n'kupezeka alibe kachilombo ka HIV, anamupatsa PEP, mankhwala omwe munthu amamwa zitachitika kale kuti kachilombo kasakhazikike m'thupi. Polemba imeloyo anali pa tsiku la 19 akumwa mankhwalawo. Chiyambireni wadziyeza yekha kasanu ndi kachipangizo ka OraQuick kopaka m'nkhama kaja, kasanu konse kamzere kamodzi, koma tsiku lina m'mawa anakatola m'bini ka dzulo lake n'kuona kamzere kachiwiri kofooka kwambiri pa T, pomwe pamatuluka mzere kachipangizoko kakapeza kanthu. Mutu ukumupweteka, nseru, usiku akungotembenuka. Nde akufunsa kuti, "Kodi ndatenga? Mankhwalawa akugwira ntchito kapena ndingosiya? Nanga PrEP ndi yomweyi?"

Achimwene, tiyambe ndi za m'binimo chifukwa ndikudziwa kuti ndi zomwe zikukudyani.

Kachipangizo kameneka kali ndi nthawi yake yowerengera ndipo inalembedwa pa kapepala kam'katimo: muwerenge pakatha mphindi 20, zisapitirire mphindi 40. Zikadutsa pamenepo kapepala kam'kati kaja kamauma, mtundu umasintha, pena pamatsala ngati kachithunzithunzi ka mzere pomwe panalibe kanthu. Nde inu mwakatola chinthu chagona usiku wonse m'zinyalala, mwina mwachiwunika ndi tochi ya pafoni uku mukuchipendeketsa uku ndi uku, eti? Chimenecho sichotsatira ayi. Chotsatira ndi chomwe munaona dzulo lake mkati mwa nthawi ija basi.

Kawerengedwe kake nkosavuta. Mzere wa pa C ndi woonetsa kuti kachipangizoko kagwira ntchito, ukapanda kutuluka ndiye kuti kafa, tayani mutenge kena. Mzere pa C pokha, sikanapeze kanthu. Mizere iwiri mkati mwa nthawi yake, olo wa pa T ukhale wofooka bwanji, pamenepo pitani kuchipatala akakuyezeninso, komabe sikuti mlandu watha chifukwa kachipangizo kamodzi sikagamula. Kuyambira 2019 bungwe la WHO limalangiza kuti munthu auzidwe kuti ali ndi HIV pokhapokha zoyezera zitatu zosiyana zikagwirizana motsatana.

Koma ndisakunamizeni, mbali inayo ndikuuzaninso. Maulendo asanu aja omwe munapeza kamzere kamodzi, nawonso panopa sakunena zambiri. Kachipangizo kam'kamwa sikayang'ana kachilombo kenikeniko, kamayang'ana ma antibody, asilikali omwe thupi limapanga likazindikira kuti kwalowa mdani, ndipo thupi limatenga nthawi kuti liwapange okwanira kuoneka. (Ndidutsepo apa, ena amati poti amayeza m'kamwa ndiye kuti malovu amapatsira HIV, ayi, m'nkhamamo akufunamo asilikaliwo osati kachilombo.) Nthawi yodikira imeneyi ndi yomwe aphungu amati window period. Malinga ndi a CDC, bungwe loona za matenda la boma la America, zoyezera zoyang'ana ma antibody okha zimayamba kuona pakati pa masiku 23 ndi 90, ya ku labu yotenga magazi pamtsempha yomwe imayang'ananso kachidutswa ka kachilombo kotchedwa p24 imaona pakati pa masiku 18 ndi 45, pomwe yoyang'ana kachilombo kenikeniko m'magazi imaona pakati pa masiku 10 ndi 33. Kuonjezera apo, mankhwala omwe mukumwawo amatha kuchedwetsa zonsezi. Ndiye kudziyeza tsiku ndi tsiku panopa kuli ngati munthu wadzala mbewu dzulo lero akufukula kuti aone ngati yamera, mukungotha ndalama ndi mtima womwe. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono nkudekha, apa ndi pomwepo.

Tsopano za ngoziyo, kuti ndi yaikulu bwanji. Choyamba simukudziwa n'komwe ngati mkaziyo ali nako. Tingoyerekeza kuti ali nako ndipo sakumwa mankhwala: ziwerengero zomwe a CDC amagwiritsa ntchito zimati kwa mwamuna wogonana ndi mkazi njira ya kumaliseche, pa maulendo 10,000 kachilombo kamadutsa maulendo pafupifupi 4, kwa mkazi ndi pafupifupi 8. Njira ya kumbuyo ndiye ina, wolandirayo ndi pafupifupi 138 pa 10,000. Manambalawa amakwera ngati pali zilonda za matenda opatsirana pogonana kapena ngati mnzanuyo wangotenga kumene kachilomboko, amatsikanso ngati mwamuna anadulidwa, mdulidwe umachepetsa ndi pafupifupi 60 pa 100 iliyonse. Sindikunena izi kuti muzichita zosasamala, anthu amatenga pa ulendo umodzi womwewo ndithu, koma mutu wanu ukukuuzani kuti zatheka kale pomwe manambala akunena zina. Ndipo ngati mkaziyo ali pa ma ARV ndipo viral load yake, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ili pansi pa 200, sangakupatsireni pogonana. Kafukufuku wa PARTNER anatsatira maanja omwe mmodzi ali nako koma ali pa ma ARV ndipo viral load yake ili pansi pa 200, mnzake alibe, anagonana popanda kondomu maulendo pafupifupi 58,000 ndipo panalibe olo mmodzi yemwe anatengera kwa mnzakeyo. Ngati nambala yake muli nayo ndipo mumayankhulana bwino, kumupempha mwaulemu kuti mukayezetse limodzi kutha kukuchotserani katundu wambiri.

Pamwamba pa zonsezo munachita chinthu cholondola. PEP imafunika kuyamba asanakwane maola 72, kufulumira ndiye kwabwino zedi, inu pa maola 40 munali mkati. Kachilombo kakalowa sikafalikira thupi lonse pompopompo, kamafuna masiku angapo kuti kakhazikike, nde mankhwalawa amakatsekera njira nthawi imeneyoyo. Kawirikawiri ndi piritsi limodzi lokhala ndi tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, awiri oyambawo amaletsa kachilombo kudzikopera, dolutegravir amakaletsa kudzilumikiza mu maselo anu. Koma ntchitoyi ndi ya masiku 28 athunthu. Kusiya pa 19 ndiye chinthu chimodzi chokha mu imelo yanu yonse chomwe chandiopsa ine. Musasiye chonde, pomwe mumalemba kunali kutatsala masiku 9 okha.

Mutu, nseru, kusowa tulo, zitatu zonsezi ndi zodziwika kwa anthu omwe akumwa mankhwala amenewa, makamaka tulo, dolutegravir amavutitsa ena ndithu. Ngati mukumwa usiku afunseni anesi ngati mungasinthire m'mawa. Mukaiwala imwani mukangokumbukira, osaphatikiza awiri nthawi imodzi. Chinanso chomwe ambiri sauzidwa, mankhwala a kutentha pamtima aja komanso mapiritsi a iron kapena calcium amalanda mphamvu dolutegravir mukamwera limodzi, imwani PEP maola 2 musanamwe amenewo kapena maola 6 mutamwa. Mukaona totupa thupi lonse, maso achikasu kapena mukusanza osasunga kanthu, kuchipatala tsiku lomwelo osadikira.

Za zizindikiro zomwe mukufufuza pa Google usiku wonsezo, ndingoti HIV sayezedwa ndi zizindikiro. Ena akangotenga amatentha thupi, zilonda zakukhosi, mwanabere, pakatha masabata 2 mpaka 4, ena samva kalikonse, ndipo chimfine wamba chimachita zomwezo. Komanso mukamangodzitobwanya m'khosi ndi m'khwapa kakhumi patsiku kufuna mwanabere, pamapeto pake pazapweteka ndithu, wapweteketsa ndi chala chanu chomwecho.

Nde chochita ndi ichi. Malizani mankhwala. Pa kalendala ya pafoni ikani masiku awiri okha, lina pakatha masabata 4 mpaka 6 kuchokera tsiku lija, lina pakatha miyezi itatu, ndipo mukayezetse magazi kuchipatala komwe akudziwa kuti munali pa PEP, osati nokha kuchipinda. La miyezi itatulo likatuluka bwino, ndipo pakatipa sipanachitikenso zina, nkhani yatha. Pakadali pano ngati muli ndi akazi kunyumba kapena chibwenzi, kondomu mpaka tsiku limenelo, ndikudziwa kufotokoza kwake ndi kowawa koma kuwaika pangozi mwakachetechete nkoipa kuposa. Mukapita apempheninso akuoneni chindoko, chinzonono ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, PEP siteteza chindoko ndi chinzonono, ndipo munthu yemwe ali ndi hepatitis B akasiya tenofovir chiwindi chimatha kudzuka, nde adokotala ayenera kudziwiratu.

PrEP siyofanana ndi PEP olo maina akumveka ngati mapasa. PEP ndi yothamangira zitachitika kale, PrEP mumamwa zisanachitike ndipo mumapitiriza nthawi yonse yomwe muli pachiopsezo. Ya mapiritsi inavomerezedwa koyamba ku America mu 2012, ndipo ikamamwedwa mwandondomeko imachepetsa mwayi wotenga pogonana ndi pafupifupi 99 pa 100. Pano kulinso jakisoni wa cabotegravir wa miyezi iwiri iliyonse, ndi lenacapavir wobaya kawiri pachaka yemwe WHO inamuvomereza mu 2025, kupezeka kwake kumasiyana dziko ndi dziko. Funso lake ndi loti mudzifunse nokha moona mtima, kodi zija zinali za tsiku limodzi kapena zimachitikachitika? Ngati zimachitikachitika, auzeni achipatala musanamalize PEP, amatha kukuyezani n'kukusamutsirani pa PrEP osadumphitsa olo tsiku.

Ineyo ndinakhalapo pabenchi kudikira zotsatira, mphindi 15 zokha koma malaya ananyowa kumsana, nde sindikukusekani ayi. Chomwe ndaona kwa anthu ondilembera nchakuti nthawi zambiri chikuwazunza si manambala, ndi manyazi ndi kudziimba mlandu pa zomwe zinachitika usiku uja, ndiye mtima umangoti chilango chikubwera basi. Kachipangizo sikangachize zimenezo, mukayeza mtima umakhala pansi ola limodzi kenako zayambiranso. Pezani munthu mmodzi womukhulupirira kapena mphungu wakuchipatala mumuuze zonse ndi pakamwa. Ndipo ikadzakwana miyezi itatu, zotsatira zili bwino koma inu mukugulabe tizipangizo, pamenepo vuto ndi nkhawa, nayonso ndi matenda ndipo ili ndi chithandizo chake.

Olo zitavuta n'kupezeka nako, zomwe sindikuyembekezera mwa inu, masiku ano ndi piritsi limodzi patsiku ndipo oyamba msanga akukalamba ngati wina aliyense.

Ka m'bini kaja katayeni kutali, totsala mu drowa mupatseni mnzanu akusungireni. Mukameza piritsi la nambala 28 mundilembere, koma masana.