Za chotupa chimene mwapeza m'bere

Mayi, mwafunsa ngati chotupa mwachipeza posambacho ndi khansa, komanso ngati adzakudulani bere lonse. Pepani ndithu, ndikudziwa kuti simukupeza tulo.

Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, koma kungokhudza ndi dzanja sikokwanira. Pitani kuchipatala sabata ino. Musadikire kuti chiyambe kuwawa, chifukwa khansa ya m'mawere kawirikawiri imayamba osapweteka. Adzakujambulani, kenako adzatenga kanyama kakang'ono ndi singano n'kukakayeza. Zenizeni zimadziwikira pamenepo.

Khansa ikapezeka msanga, ambiri amangowachotsa chotupacho, radiotherapy (chithandizo chopha khansa ndi cheza champhamvu cha makina) n'kutsatira. Bere likachotsedwa lonse, madokotala amatha kuumba lina ndi mnofu wa pamimba kapena pamsana, ngakhale si zipatala zonse zimachita zimenezi, ndiye mufunse. Mupite ndi m'bale wanu, akakuthandizeni kumva zonena za adokotala.