Nsomba zasiya kudya chiyambire Juni

Funso: Ndili ndi damu la makumba kuno ku Dedza, madzi ake olekeza m'mawondo. Chiyambire Juni nsomba sizikudya. Ndinaonjezera madeya kuti mwina zikopeka, koma madzi ayamba kununkha ndipo zina ndikumazipeza zitafa m'mawa. Kodi ndi matenda?

Yankho: Bambo, matenda palibe apa, nsombazo zikufa ndi madeya anuwo. Thupi la nsomba silifunda palokha ngati la mbuzi, limangotsatira madzi. Makumba amadya ndi kukula bwino madzi akakhala pa madigiri 25 mpaka 30. Akatsika kuchepera 20, chakudya chimachedwa kugayika m'mimba ndipo chilakolako chimatha. Nanga kuzizira kwa ku Dedza mu Juni ndichite kukuuzani? Inu m'malo mochepetsa mwathira kawiri. Madeya osadyedwawo amamira n'kuola, ndipo poola amamaliza mpweya m'madzi. Kalawireni m'bandakucha mukaone, mukazipeza zili pamwamba, kukamwa yasa.

Koma chandidandaulitsa kwambiri ndi damulo. Madzi olekeza m'mawondo amazizira onse usiku umodzi. Nsomba ikazizidwa imatsikira pansi pomwe madzi sasintha msanga, ndiye zanuzo zitsikira kuti? Chaka china ndinayendera madamu awiri oyandikana, madzi ochokera mumtsinje umodzi. M'losaya tinatola nsomba zakufa ndowa yathunthu, m'lakuya simunafe ngakhale imodzi.

Ena amaopa kuti madzi akuya amapsinja nsomba. Nsomba ili ndi kathumba ka mpweya m'mimba, kamene imaonjezera kapena kuchepetsa pang'onopang'ono ikamakwera kapena kutsika. Asodzi a kunyanja amadziwa kuti yokokedwa mofulumira kuchokera pakuya imatuluka mimba itafufuma. Komatu kumeneko ndi mamita makumimakumi, osati damu.

Lekani kudyetsa masiku atatu, musathirenso manyowa, ndipo mulowetse madzi atsopano pang'ono. Kenako muzipereka kachakudya kochepa masana dzuwa likatentha, ndipo zikasiya, mawa lake muchepetsenso. Musakokemo ukonde m'miyezi ino.

Mukakolola, phwetsani damulo mulikumbe, mbali yakuya ifike mita imodzi ndi theka. Mukatha mudzandiitane ndidzayeze ndekha ndi ndodo, chifukwa ambiri amati akumba pomwe angopala matope.