Musathamangire foni yodula mukangofika ku Harare

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga, amene watsika basi pa Roadport mwezi wathawu, anandifunsa kuti, "Amalume, ndikalandira ndalama yoyamba ndigule iPhone kapena Samsung wa S uja?" Mnyamatayu akugona pansi m'chipinda changa ku Mufakose, akudalira maganyu, ndipo masiku amene anamudindira pachipata cha m'malire cha Nyamapanda akutha. Ndinamuyankha usiku womwewo, koma ndati ndilembenso kuti ena obwera kumene amve nawo.

Choyamba, mafoni odula sindikuwanyoza. Amajambula bwino, sachedwa kutsegula zinthu, ndipo amakhalitsa. Samsung inalonjeza kuti Galaxy S24 ya 2024 izilandira mapulogalamu atsopano kwa zaka 7. Amene ali pantchito yokhazikika kapena amadyera kujambula, agule. Koma inu mwangofika, lendi akufuna ya madola a ku America, mapepala simunakonze, kumudzi akudikira Mukuru. Pafoni mukufunapo WhatsApp, EcoCash yotumizira ndi kulandirira ndalama pafoni, ndi kuyimbira bwana, basi.

Chachiwiri ndi chimene chimandiwawa mpaka lero. Popeza yatsopano simungaikwanitse, mudzafuna yogwiritsidwapo kale, ndipo apo ndi pamene ndinagwera ine. Ndinalowa m'kashopu kena m'tauni, mafoni ali mbwee m'galasi. Mnyamata anatulutsa iPhone, naipukuta pamalaya ake, nati yangofika kuchokera kunja. Ndinawerenga madola 300 amene ndinasunga miyezi isanu ndikuthirira maluwa ku Borrowdale. Lisiti sanandipatse, inenso sindinaitanitse. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Patapita masiku atatu foni inayamba kufuna Apple ID, akaunti yotsegulira iPhone, ya mwini wake wakale, osatsegukanso. Nditabwerera, mnyamata uja anati sanandionepo chibadwire. Ndinayesa kufotokoza ndi Chishona changa chothyokathyoka, anzake akungondiseka. Kupolisi sindinapite chifukwa pasipoti yanga inali ndi vuto la masiku, ndipo anyamata a m'shopu aja anadziwa kuti mlendo sapita patali. Ndalama imeneyo inali ya malata a nyumba ya amayi ku Ntcheu. Dzinja lonse linatha mvula ikuwadonthera, ine kuno ndikuwanamiza kuti sindinalipidwe. Ngakhale mnzanga wakwathu amene anandiperekeza tsiku logula anakana kukandichitira umboni.

Ndiye ngati mwalimbikira kugula, musapereke ndalama musanayese. Imbani *#06# muone IMEI, nambala yozindikirira foniyo, ifanane ndi ya pabokosi. Wogulitsa achotse iCloud, akaunti yake ya Apple ija, inu mukuona, afufute zonse, foni iyambirenso pomwepo. Ikanimo simu yanu ya Econet kapena NetOne, muyimbe. Onani Battery Health, pamene pamaonetsa mphamvu imene yatsala m'batire. Dziwaninso kuti ma iPhone ogulitsidwa ku America kuyambira pa iPhone 14 alibe polowetsa simu, amagwira ndi eSIM yokha, simu ya m'kati mwa foni yosachita kulowetsa. Lisiti alembepo IMEI ija. Akayamba kukufulumizitsani, tulukani.

China ndi magetsi. Madzi akachepa kudamu la Kariba kumene amapangira magetsi, m'malokeshoni muno amatha kuzima m'mawa n'kuyaka usiku anthu atagona. Tecno, Itel kapena Infinix ya batire ya 5000 mAh imakufikitsani madzulo, komanso imalowa simu ziwiri, ya kuno ndi ya Airtel kapena TNM ija mwabwera nayo.

Chachinayi, akuba. Pa Mbare Musika ndi pa Copacabana nthawi yolimbirana kombi (minibasi), dzanja limalowa m'thumba osamva n'komwe. Mushikashika (kagalimoto konyamula anthu popanda chilolezo) wa anthu osawadziwa usiku musakwere, foni musatulutse pawindo. Yotsika mtengo ikabedwa mumadandaula sabata imodzi n'kugula ina. Yodula ikangogwa pansi galasi n'kusweka, mtengo wokonzetsa wokha ungakugulireni foni ina yathunthu.

Ndikudziwa chimene chikukankha mphwangayu. Akufuna anzake aku Lilongwe aone pa Facebook kuti wapita kunja ndipo zayenda. Inenso chinandipweteketsa n'chomwecho. Ndamuuza kuti, "Iwe, yamba wakonza mapepala, upeze chipinda chako, utumize ya feteleza kwa amayi ako isanagwe mvula." Loweruka ndimuperekeza m'tauni, tikagule ya simu ziwiri m'shopu yopereka lisiti ndi waranti. Ya S ija tidzakambirana akadzatha chaka pantchito imodzi.