Akufuna kumuzula mano 4 abwinobwino, kodi nzoona zimenezi?

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 14, mano ake akutsogolo ndi okwerana, lina linatulukira pamwamba penipeni ngati nyanga. Tinapita kwa dokotala woika mawaya nde akuti asanaike mawayawo (mabulesi) azule kaye mano 4, koma manowo ndi abwinobwino alibe ndi bowo lomwe. Ine mtima sukundilola, mwana asadzakhale wa magweru. Kodi amaona chani kuti afike poti tizule?
Mayi wodandaula, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mayi, mantha anuwo ndikuwamva ndithu, dzino likazulidwa silimeranso ndiye mwachita bwino kufunsa. Koma dokotala wodziwa ntchito yake sangoyang'ana mkamwa nkunena kuti tizule, amayeza, ndipo amayeza ndi mamilimita.

Amatenga chikombole cha mano kapena kusikana mkamwa, kenako amayeza kukula kwa dzino lililonse nkuphatikiza, ndiye amayezanso malo omwe alipo pa nsagwada. Tinene kuti mano akufuna malo a 75mm koma nsagwada ili ndi 66mm, ndiye kuti pakupelewera 9mm, nchifukwa chake lina lija linasowa pokhala nkutulukira pamwamba. Kupelewera kukakhala kosafika 4mm, kuzula sikufunika kawirikawiri. Kukafika 10mm kapena kuposa, nthawi zambiri palibenso kuchitira mwina. Povuta ndi pakatipa, 5 mpaka 9mm, apa ndi pomwe madokotala awiri amatha kunena zosiyana onse nkukhala kuti sakunama.

Pakatipa ndiye amayang'ana nkhope ya mwana. Amajambula ekisire ya m'mbali kuti aone mmene mano akutsogolo apendekera, chifukwa mano okwerana ukawawongola osazula kanthu amapeza malo potulukira kutsogolo, nde ngati mwana milomo yake imavuta kale kutseka akangokhala phee, mukamuika mawaya osazula mano aja amangotuluka kwambiri, mzere wowongoka inde koma pakamwa posatsekeka. Amaonanso nkhama ndi fupa lomwe lagwira mano akutsogolo apansi, likakhala lopyapyala ndiye ukawakankha kwambiri nkhama zimatsika mizu nkuyamba kuonekera. Izi ndaziona ndipo zimandimvetsa chisoni, pakuti kubweza nkhama pamalo pake ndi ntchito yovuta.

Njira zina zopezera malo zilipo. Amatha kupala pang'ono m'mbali mwa mano, mwina 0.25mm mbali iliyonse, kapena kukulitsa nsagwada ya m'mwamba mwana akadali wamng'ono. Koma zimenezi zimapereka malo ochepa, sizingakwanire pomwe pakupelewera 10mm.

Mkangano umenewu ndi wakale. Ku America, dokotala wowongola mano Edward Angle ankakaniratu kuzula mano, koma wophunzira wake Charles Tweed ataona kuti odwala ake ambiri mano akubwerera mwakale ndipo nkhope sizikuoneka bwino, anawathandizanso pozula mano, nkuonetsa zotsatira zake kwa madokotala anzake mu 1940.

Za magweru musade nkhawa. Omwe amazulidwa kawirikawiri ndi ma premolar, omwe ali kumbuyo kwa dzino losongoka lija, lililonse ndi pafupifupi 7mm, ndiye awiri amapereka 14mm pa nsagwada imodzi, ndipo mawaya amakoka mano ena kudzatseka mpatawo pang'onopang'ono, chaka ndi theka kapena ziwiri. Chomwe ndimaopa ine ndi kuzula kenako nkusiyira panjira ndalama zitatha, pamenepo ndiye mpata umatsaladi, choncho mtengo wonse muudziwiretu, kuphatikiza ka retainer, kachipangizo kovala mawaya akachoka kuti mano asabwerere mwakale.

Mukabwerera mufunse molimba mtima kuti pakupelewera mamilimita angati m'mwamba ndi pansi, akuonetseni ekisire, akuuzeninso chomwe chingachitike akapanda kuzula. Akangoti "timatero basi" osakuonetsani kanthu, mwana asakhale kaye pampando, tengani ma ekisire anu mukamve kwa dokotala wina.