Funsani Anti: Bwanji sanakuwe?

FUNSO: Anti, mng'ono wanga wa zaka 22 wandiuza kuti mnyamata wa kalasi yake anamugwiririra atapita kukatenga manotsi ku hostel. Koma chikundivuta ine nchakuti akuti sanakuwe, sanalimbane naye, anangouma gwaa, ndiye mawa lake mnyamatayo atamulembera pa WhatsApp kuti wadzuka bwanji iye anayankha kuti bhobho. Ndimamukonda koma mutu wanga ukukana, kapena anavomera pano akuchita manyazi? Wosokonezeka, Zomba.

YANKHO: Mwananga, bola wafunsa ine osati iyeyo, chifukwa funso loti bwanji sunakuwe limapweteka zedi ndipo ndi lomwe limatseka atsikana ambiri pakamwa.

Munthu mantha akamupitirira muyezo thupi silidikira kuti aganize kaye ayi. Ena amathawa, ena amamenya, koma ambiri amangouma, mawu osatuluka, miyendo kulemera, maso ali chipenyere koma iye ngati palibepo. Unaonapo nkhuku ukaigwira nkuigoneka pansi mmene imangoti zii osaphupha? Sikuti yalola. Ku Stockholm, Sweden, madotolo anafunsa amayi 298 omwe anabwera kuchipatala atagwiriridwa, zotsatira zinatuluka mu 2017, ndipo 70 pa 100 aliwonse ananena kuti thupi lawo linauma chonchi. Ndiye za mng'ono wakozi sizachilendo olo pang'ono.

Kupita kuchipinda kwa munthu si kuvomera, kukhala chete si kuvomera. Kuvomera nkunena kapena kuonetsa momasuka kuti eya ndikufuna, popanda mantha, ndipo mnyamatayo akanakhala ndi umunthu akanaona kuti mnzake wangoti gwaa nkusiya.

Za bhobho wa pa WhatsApp zija, munthu yemwe ukumuopa komanso mukumana naye m'kalasi Lolemba umamuyankha bwino kuti asakwiye, mwinanso mtima ukukanabe kuti zachitikadi. Komanso usadabwe akamafotokoza modumphadumpha, lero wakumbukira mtundu wa katani koma nthawi wayiwala, ubongo wa munthu wochita mantha umasunga zinthu mwa zidutswa ndipo si bodza limenelo.

Tsono chochita. Muuze kuti ndakukhulupirira, si iwe wolakwa, basi, osayamba upolisi womupanikiza ndi mafunso. Ngati maola 72 sanadutse thamangani kuchipatala akalandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV aja omwe amamwa masiku 28, ndipo mapilitsi oletsa mimba apangozi amagwira mpaka masiku 5 koma bola msangamsanga. Olo masiku adutsa apitebe akamuyeze matenda ena ndikukumana ndi aphungu. Zovala za tsikulo asachape ngati sanachape kale, mamesejiwo asafufute, atenge ma screenshot.

Kupolisi kuli Victim Support Unit, ofesi yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, akafuna kupita umuperekeze. Koma asankhe yekha, usamukoke ngati mbuzi kapena kuthamangira kukauza mayi ndi amalume iye asanalole. Ndipo akamadzidzimuka usiku kapena kukana kupita kukalasi masabata akubwerawa usamunene kuti ndi ulesi, ungomufunsa kuti ndikuthandize bwanji lero.