Kodi Kampani Ikasamutsa Webusaiti Kuchoka pa Joomla Kupita pa WordPress, Ingataye Chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amayang'anira za malonda pa kampani ina ya ku Limbe, yogulitsa mapampu othirira mbewu, mapaipi ndi zipangizo za magetsi a dzuwa. Webusaiti ya kampaniyo inapangidwa mu 2016 pa Joomla, pulogalamu yopangira ndi kuyendetsera mawebusaiti, ndipo mnyamata amene anaipanga anasamukira ku Johannesburg kalekale moti sayankhanso mauthenga. Tsopano abwana akufuna webusaiti yooneka bwino pa foni, ndipo wina wawauza kuti mankhwala ake ndi WordPress, pulogalamu ina ya ntchito yomweyo. Mayiyu wafunsa zinthu zitatu: ngati kusamukako kuli koyenera, ngati kampaniyo isowe pa Google, komanso ngati maimelo a ogwira ntchito apitirize kuyenda. Ndaona kuti ndiyankhe pano chifukwa vutoli lili m'makampani ambiri.

Mayi, musanakambirane za mitundu kapena maonekedwe ndi munthu aliyense, fufuzani kaye kuti dzina la webusaiti yanu, limene akatswiri amalitcha domain, linalembetsedwa m'dzina la ndani. Simunafunse zimenezi, koma pa zonse zimene mwandilembera, apa ndi pamene pakundidetsa nkhawa kwambiri. Nthawi zambiri wopanga webusaiti amalembetsa domain ndi imelo yake, amalipira hosting (malo a pa seva, kompyuta imene imasunga webusaiti) ndi khadi lake, ndipo kampani imangomubwezera ndalama chaka ndi chaka osadziwa kuti makiyi onse ali m'thumba mwake. Ngati dzina lanu likuthera ndi .mw, kaundula wake amayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi SDNP, ndipo mukhoza kuwafikira ndi zikalata za kampani n'kupempha kuti akonze umwini. Ngati likuthera ndi .com, muyenera kudziwa kampani yakunja imene linalembetsedwako, ndipo kulilanditsa kwa munthu amene sakuyankha ndi ntchito imene ingakudyereni milungu ingapo. Webusaiti mukhoza kuimanganso, koma dzina limene lili pa zikwangwani, pa magalimoto ndi pa malisiti anu likatha nthawi n'kugulidwa ndi munthu wina, kulipezanso kumavuta kwambiri.

Tsopano ku funso lanu loyamba. Popeza webusaitiyo ndi ya 2016 ndipo palibe amene wakhala akuisamalira, ndikukhulupirira kuti ikadali pa Joomla 3. Mukhoza kutsimikiza polowa mbali ya administrator, pomwe nambala ya pulogalamuyo imaoneka. Eni ake a Joomla anasiya kutseka ziboo za chitetezo mu Joomla 3 mu Ogasiti 2023, choncho kukhala pomwe mulipo si chisankho chabwino ngakhale abwana akanakhala kuti akukhutira ndi maonekedwe. Joomla payokha si pulogalamu yoipa. Inayamba mu 2005, ikupitirirabe, ndipo Joomla 4 inatuluka mu 2021 pamene Joomla 5 inabwera mu 2023. Vuto n'lakuti kuchoka pa 3 kupita pa zatsopanozi si kungodina batani, chifukwa template yakale, imene imapereka maonekedwe a webusaiti, komanso timapulogalamu towonjezera timene mnyamata uja anaikamo nthawi zambiri sitigwiranso ntchito. Mwanjira iliyonse, ntchito yaikulu ikukudikirani, ndipo n'chifukwa chake sindikutsutsa maganizo opita pa WordPress.

Chifukwa changa chovomerezera WordPress si choti ndi yapamwamba kuposa zinzake. Pulogalamuyi inayamba mu 2003 ngati chida cholembera mabulogu, ndipo lero ikuyendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi. Kuchuluka kumeneku kukutanthauza kuti wokupangirani akadzasowa ngati mmene anasowera woyamba uja, simudzavutika kupeza wina ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu amene angapitirize ntchitoyo. Kukutanthauzanso kuti inuyo, kapena mnzanu wa mu ofesi, mungaphunzire kusintha mtengo wa pampu kapena kuika chithunzi chatsopano pa tsiku limodzi. Drupal, pulogalamu inanso yopangira mawebusaiti, ndi yamphamvu, koma pa kampani yamasamba makumi angapo ili ngati kugula lole kuti muzinyamulira thumba limodzi la feteleza. Komabe kutchuka kwa WordPress kumakopanso akuba a pa intaneti, ndipo khomo limene amalowera kawirikawiri ndi ma plugin (timapulogalamu towonjezera) osasinthidwa. Mukaisiya zaka zingapo osaisamalira, idzafika pomwe yafika Joomla yanuyi.

Pali chinthu china chimene opanga mawebusaiti satchula kawirikawiri pokambirana mtengo. Ma theme (maonekedwe okonzeratu a webusaiti) ndi ma plugin ambiri okongola, monga Elementor Pro, amalipiridwa chaka chilichonse, ndipo amalipiridwa m'madola. Aliyense amene amachita bizinesi m'Malawi akudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kupeza, ndipo akukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mufunseni wokupangiraniyo kuti akulembereni chilichonse cholipira chimene akufuna kuikamo, mtengo wake pa chaka, komanso chimene chidzachitike mukadzalephera kulipira. Nthawi zambiri webusaiti imapitiriza kuoneka, koma pulogalamuyo imasiya kulandira zokonza za chitetezo. Chenjeraninso ndi munthu amene angakuuzeni kuti ali ndi theme yolipira imene anaipeza mwaulere, chifukwa zoterezi kawirikawiri zimabwera zitaikidwa kale tinthu tobisika tolowetsa anthu achilendo mu seva yanu. Kuyambira Disembala 2018, WordPress ili ndi chida chakechake chokonzera masamba, chotchedwa Gutenberg, ndipo pa kampani ngati yanu chimakwanira.

Funso la Google ndi limene ndikufuna kukhalapo nthawi yaitali, chifukwa apa ndi pamene makampani ambiri amavulala osazindikira. Google siiona webusaiti yanu ngati chinthu chimodzi. Imadziwa tsamba lililonse ndi adiresi yakeyake, ndipo mbiri yonse imene tsambalo lapeza m'zaka zapitazi yamangiriridwa pa adiresi imeneyo. Masamba a Joomla yakale amakhala ndi maadiresi onga index.php?option=com_content&view=article&id=47, kapena oyamba ndi nambala kenako dzina la nkhani. WordPress imapanga maadiresi ake mosiyana. Tsiku limene mudzatsegule webusaiti yatsopano, aliyense wodina ulalo wakale, kaya pa Google, pa tsamba lanu la Facebook, kapena mu uthenga wa WhatsApp umene wogulitsa wanu anatumiza chaka chatha, adzapeza uthenga wa 404 wonena kuti tsambalo kulibe. Google nayo ikapeza 404 kangapo, imalichotsa tsambalo pa mndandanda wake.

Njira yopewera zimenezi imatchedwa 301 redirect, ndipo ikufanana ndi zimene mwini sitolo amachita akasamuka ku Limbe kupita ku Ginnery Corner: amasiya chikwangwani pa chitseko chakale chosonyeza kumene wapita. Kusiyana kwake n'kwakuti pa webusaiti chitseko chilichonse chimafuna chikwangwani chake. Tsamba lakale la mapampu a dzuwa liyenera kulozera ku tsamba latsopano la mapampu a dzuwa, osati ku tsamba loyamba la webusaiti. Ndaonapo opanga mawebusaiti ena akuloza maadiresi onse akale ku tsamba loyamba kuti athane nazo msanga, koma Google imaziona zoterezi ngati masamba osowa basi, ndipo mlimi amene amafuna mtengo wa pampu amangotseka n'kupita kwina. Kuti ntchitoyi iyende, pamafunika ndandanda ya maadiresi onse akale isanagwetsedwe webusaiti yakaleyo. Tsegulani Google Search Console, chida cha Google chothandiza eni mawebusaiti, lero lomwe, m'dzina la kampani, ndipo pakapita masabata angapo idzakusonyezani masamba amene anthu amafikirapo kwambiri. Ikani maadiresiwo mu Excel, akale mbali ina, atsopano mbali inayo, ndipo pepala limenelo likhale mbali ya mgwirizano wanu ndi wopanga webusaiti. Google yokha imalangiza kuti ma redirect akhalepo kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo, koma ine sindiona chifukwa chowachotsera n'komwe.

Musaiwale mafayilo a PDF. Kampani ngati yanu iyenera kuti ili ndi ndandanda ya mitengo kapena timabuku tofotokoza za mapampu, ndipo maulalo ake akhala akuzungulira m'magulu a WhatsApp a alimi ndi a mabungwe. Mafayilo amenewa nawonso ali ndi maadiresi, ndipo ndi amene amaiwalidwa kawirikawiri.

Ngakhale zonse zitachitika bwino, yembekezerani kuti alendo ochokera ku Google adzatsika pang'ono kwa masabata angapo pamene Google ikuwerenganso masamba anu. N'chifukwa chake nthawi yosamukira ndi yofunika kuisankha bwino. Inu mumadziwa malonda anu kuposa ine, koma ndikuganiza kuti mapampu othirira amayenda kwambiri m'chilimwe, pamene anthu ali kalikiliki kumadimba. Ngati ndi choncho, samukani m'nyengo ya mvula. Ndikulangizaninso kuti musasinthe zonse nthawi imodzi. Abwana akhoza kufuna kuti pa tsiku lomwelo musinthe pulogalamu, maonekedwe, mawu a m'masamba onse ngakhalenso dzina la webusaiti, koma zinthu zikadzasokonekera simudzadziwa kuti chalakwika n'chiti. Samutsani mawu monga mmene alili, sungani dzina lomwelo, ndipo kulembanso masamba kudzabwere pambuyo pake, limodzilimodzi. Kuthamanga si kufika.

Pa nkhani yosamutsa mawuyi, pali kanthu kakang'ono kamene kamatikhudza ife olemba Chichewa ndi Chitumbuka. Ngati masamba ena ali ndi chilembo cha ŵ, monga mu Malaŵi, muwayang'ane bwino akasamutsidwa. Mawu akasamutsidwa popanda kusamala za UTF-8, njira imene kompyuta imasungira zilembo, chilembochi chimasanduka Åµ, ndipo chizindikiro chimene timaika mu ng'ombe ndi m'madzi nacho chikhoza kusanduka zilembo zosadziwika. Pali plugin yotchedwa FG Joomla to WordPress imene imakoka nkhani ndi zithunzi kuchoka ku Joomla, ndipo imathandiza, koma ngati masamba anu sakupitirira 40, kuwakopera pamanja kuli bwino chifukwa kumakupatsani mpata wotaya zimene zinatha ntchito.

Za maimelo, yankho ndi lakuti WordPress siikhudza imelo mpang'ono pomwe, koma kusintha hosting kumaikhudza kwambiri. M'makampani ambiri ang'onoang'ono, maimelo amakhala pa seva yomweyo imene pali webusaiti. Wopanga watsopano akaloza domain yanu ku seva yake osakopera zolemba za DNS zotchedwa MX, zimene zimauza dziko kumene makalata anu ayenera kufikira, maimelo amasiya kulowa, ndipo nthawi zina pamatha masiku awiri anthu asanazindikire kuti kukhala chete kwa bokosilo si kusowa kwa makasitomala. Choopsa kwambiri n'chakuti mukaleka kulipira hosting yakale musanasamutse mabokosi, makalata onse amene anali pa sevayo amafufutidwa, kuphatikizapo ma quotation ndi mapangano a zaka zambiri. Choncho funsani kumene maimelo anu akukhala. Ngati ali pa Google Workspace kapena Microsoft 365, ntchito ndi yongoonetsetsa kuti zolemba za MX ndi za SPF, zimene zimatsimikiza kuti imelo yachokeradi kwa inu, zakopedwa ndendende. Ngati ali pa hosting yakale, bokosi lililonse lisamutsidwe ndi kuyesedwa, ndipo hosting yakaleyo muilipirebe kwa mwezi umodzi kapena iwiri mutasamuka.

Pa za maonekedwe sindinena zambiri, chifukwa ndi gawo limene aliyense mu ofesi adzakhala ndi maganizo ake. Ndingokupemphani kuti webusaiti yatsopanoyo musaivomereze mutaiona pa kompyuta ya abwana yolumikizidwa ku intaneti ya mu ofesi. Itsegulireni pa foni yotchipa ya Android, ndi bando ya TNM kapena Airtel, makamaka muli kunja kwa tawuni, chifukwa umu ndi mmene mlimi wa ku Chikwawa adzaionere, ndipo Google nayo masiku ano imaweruza webusaiti poyang'ana mmene ikuonekera pa foni. Zithunzi zikuluzikulu zosinthanasinthana pamwamba pa tsamba zimasangalatsa mu msonkhano, koma zimadya bando ya kasitomala asanaone nambala yanu ya foni. Chithunzi chochokera mu kamera chichepetsedwe chisanaikidwe, ndipo WordPress imalandira mtundu wopepuka wa WebP kuyambira 2021. Onetsetsaninso kuti adiresi ikuyamba ndi https, popeza kuyambira 2018 Chrome imalemba chenjezo pa mawebusaiti opanda chitetezochi. Satifiketi yake imapezeka mwaulere kudzera ku Let's Encrypt, choncho musalole kulipiritsidwa ndalama zambiri pa chinthu chimenechi.

Webusaiti yatsopano imangidwe pa malo oyeserera, yakale ikugwirabe ntchito. Pa nthawi yoyesererayo, opanga ambiri amachonga kabokosi ka mu Settings, pansi pa Reading, kouza Google kuti isawerenge webusaitiyo, ndipo n'zoyenera kutero. Koma ndinaitanidwapo ku kampani ina imene inatha miyezi itatu ikudabwa chifukwa chake sikuoneka pa Google, ndipo vuto lonse linali kabokosi kameneka kamene kanaiwalika pa tsiku lotsegulira. Tsikulo lisakhale Lachisanu madzulo. Sankhani Lachiwiri m'mawa, mutatenga kale backup, kapena kuti kope lathunthu la webusaiti ya Joomla, mafayilo pamodzi ndi database (nkhokwe ya mawu a m'masamba), n'kuisunga pa kompyuta ya kampani. Ikangotsegulidwa, tengani pepala la Excel lija, dinani maadiresi akale limodzilimodzi, tumizani uthenga kudzera pa fomu ya webusaiti kuti muone ngati ukufika, ndipo pemphani munthu wakunja akutumizireni imelo. Gawo lomaliza la malipiro a wopangayo liperekedwe pokhapokha akakupatsani mapasiwedi a domain, a hosting ndi a administrator wa WordPress, onse atalembetsedwa pa imelo ya kampani imene anthu osachepera awiri angathe kuitsegula.