Mamailosi a ndege: khadi la ngongole kapena ShebaMiles?

Mayi wina wogulitsa zovala mumsika wa Taifa kuno ku Mzuzu wandilembera pa imelo. Amakapikula katundu ku Guangzhou m'dziko la China, ndipo mwana wawo wa ku America wawauza za makhadi a ngongole ngati Chase Sapphire omwe amapatsa munthu mamailosi a ndege (mapointi omwe ukawasonkhanitsa umasinthanitsa ndi tikiti) ndi mapointi a hotela. Akufunsa kuti labwino ndi liti.

Mayi, khadi limenelo ndi la anthu okhala ku America. Banki imafuna adiresi ya komweko ndi mbiri ya momwe mumabwezera ngongole kumeneko. Zimenezo asiyireni mwana wanuyo.

Kwathu kuno ngongole ndi yowawa. Mu 2024 Reserve Bank idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezerapo phindu lawo pamwamba. Mukachedwa kubweza ngakhale mwezi umodzi, zomwe mungalipire zimaposa mtengo wa mamailosi omwe mwapeza. Komanso chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki amaika malire pa zomwe mungagule ndi khadi mukakhala kunja. Katundu wa mabelo simungalipirire choncho.

Chomwe ndikufunitsitsa kuti muchite ndi ichi, ndipo n'chaulere: lembetsani ShebaMiles, ndondomeko ya Ethiopian Airlines yopatsa mamailosi kwa okwera ndege zake. Mukatsika ndi basi pa M1 kukakwera ndege pa Kamuzu International Airport kudzera ku Addis Ababa, ulendo wautali chonchi umabala mamailosi ambiri, koma amalonda ochuluka amangowataya poti sadalembetse. Pogula tikiti, perekani nambala yanu kwa ajenti, ndipo onetsetsani kuti dzina lalembedwa ndendende ngati lili mu pasipoti. Kachikalata kokwerera ndege musakataye mpaka mamailosi ataoneka pa akaunti yanu. Ethiopian ili mu Star Alliance, mgwirizano wa makampani a ndege, kuyambira 2011, ndiye mukakwera Air China kapena Turkish Airlines, nambala ndi yomweyo.

Kenya Airways ili ndi yakeyake, Asante Rewards. Koma osamwaza mamailosi uku ndi uku. Pang'ono kuno pang'ono uko sagula tikiti. Dziwaninso kuti tikiti ya mamailosi si yaulere kwathunthu, misonkho mumalipirabe, ndipo mamailosi akakhalitsa amatha ntchito.

Za mahotela musavutike nazo kwenikweni. Mapointi a Marriott Bonvoy, ndondomeko ya mahotela a Marriott, amagwira ku hotela ya Ryalls ku Blantyre, koma ku Guangzhou inu mumagona m'mahotela ang'onoang'ono a pafupi ndi misika, ndipo kumeneko mungachite bwino kunenerera mtengo ndi mwini wake, poti mumabwera kawirikawiri.